Chimazolowera n'chiyani, sipika kapena khutu lanu?

"Ipatseni masiku, ikangozolowera ilira bwino."

Ngati munagulapo wufa, sipika ya Bluetooth kapena mahedifoni n'kubwerera kwa wogulitsa kukadandaula kuti bezi yake sikumveka, mwina munayankhidwapo mawu amenewa. Amanenedwa mosakayika, ndipo nthawi zambiri wonenayo sakunama dala ayi. Nayenso anauzidwa choncho, ndipo amakhulupirira.

Kwa Kanduku m'boma la Mwanza nkhaniyi si yongocheza pabawo. Derali lili pakhomo polowera katundu. Mabasi ochokera ku Johannesburg, odzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, akachoka pa Zobue amalowera pachipata cha Mwanza, ndipo pakati pa mabulangete, njinga ndi mafiriji a m'ngolo zawo sipalephera kukhala makatoni a masipika, makamaka mu Disembala abale a ku Joni akamabwera kudzadya Khirisimasi. Ena amakagula ku Limbe kapena ku Blantyre, ulendo wa makilomita pafupifupi 100 pamsewu wodzera pa Zalewa. Enanso amagula pa boma pomwepo ndi ndalama za manachesi kapena nandolo.

Kwa achinyamata ambiri, sipika ndi mpamba. Ndiyo imaitana makasitomala pamalo ometera ndi poonetsera mpira. Ndiyo imabwerekedwa pa chinkhoswe, pa ukwati ndi pa mapemphero a usiku. Chiyambireni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja sagwirika mtengo, moti munthu akaphonya pogula, kuti adzapezenso ndalama ina ndi nkhani ya chaka chamawa.

Ndiye funso n'lakuti: kodi n'zoona kuti sipika yatsopano imafunika kuiliza masiku angapo kuti iyambe kumveka bwino?

Yankho lachidule ndi ili. Sipika yatsopano imasinthadi, koma pang'ono kwambiri, ndipo kusintha kwakukulu kumachitika m'maola oyambirira. Kusinthako sikungasandutse sipika yoipa kukhala yabwino, ndipo sikungachize sipika yowonongeka. Chimene chimazolowera kwenikweni pakapita sabata ndi khutu la mwini wake.

Ganizoli lili ndi pogwira

Anthu sanangolota za kuzoloweretsa sipika. Mnyamata aliyense wa kabaza amadziwa kuti njinga yamoto yatsopano siithamangitsidwa. Kabuku kake kamanena kuti makilomita oyambirira uyende mofatsa ndipo oyilo woyamba usinthe msanga. Chifukwa chake n'chomveka: mu injini muli zitsulo zimene zimakhulana, ndipo zimafunika nthawi kuti zisalale n'kugwirizana. Nsapato yatsopano nayo imaluma sabata yoyamba, kenako n'kufewa.

Choncho munthu akamva kuti sipika nayo imafuna nthawi, zimalowa m'mutu mosavuta. Pa intaneti nkhaniyi amaitcha break-in kapena burn-in, ndipo pa YouTube pali mavidiyo a maola ambirimbiri a phokoso longa la wailesi yosochera siteshoni, amene amati ukawaliza usiku wonse sipika kapena mahedifoni ako "amatseguka". Bandulo imatha ndithu.

Koma sipika si injini. Mu sipika yabwinobwino mulibe chitsulo chokhulana ndi chinzake. Mukamva kukhulana, dziwani kuti yawonongeka.

Mkati mwake muli chiyani?

Kapangidwe ka masipika ambiri amene tili nawo lero n'komwe kanafotokozedwa mu 1925 ndi akatswiri awiri a kampani ya General Electric ku America, Chester Rice ndi Edward Kellogg. Kumbuyo kuli maginito. Pakampata kopapatiza ka maginitowo pamalendewera koyilo, kawaya kakopa kokulungidwa bwinobwino. Koyiloyo imamatidwa ku chipepala chooneka ngati fanulo, chimene timachiona chikuvina bezi ikamagunda. Magetsi a nyimbo akadutsa mu koyilo, maginito amaikankha ndi kuikoka, chipepala chimakankha mpweya, ife n'kumva mawu.

Pali zinthu ziwiri zimene zimagwira chipepalacho kuti chisapite kutali komanso kuti koyilo isakhudze m'mbali. China ndi mkombero wa labala kapena siponji wozungulira kukamwa kwa sipika. China ndi kansalu kolimba kamizeremizere, kawirikawiri kachikasu, kobisika pansi pa chipepala, kamene amisiri amakatcha spider. Kansalu kameneka kamaviikidwa m'mankhwala oumitsa kufakitale, ndiye kakakhala katsopano kamakhala kolimbirapo. Kakayamba kupindidwa uku ndi uku kamafewa pang'ono. Choonadi cha nkhani yonse ya kuzoloweretsa chagona pa kansalu kameneka ndi mkombero uja basi.

Amene anaonapo anyamata akukonza ng'oma gule asanayambe amvetsa msanga. Chikumba chikalefuka amachiwamba pamoto kuti chikungike, mawu akwere. Akafuna mawu a pansi amamata phula pakati kuti chilemere. Sipika nayo ili chimodzimodzi: kulimba kwa zoigwira ndi kulemera kwa chipepala ndi zimene zimalamula malire a mawu ake a pansi. Kansalu kaja kakafewa, malirewo amatsika pang'ono.

Pang'ono pake ndi pati?

Tiyeni tichite masamu. Khutu la wachinyamata wathanzi limamva kunjenjemera kwa mpweya kuyambira ka 20 mpaka ka 20 000 pa sekondi, ndipo muyeso wake amautcha hertz. Tiyerekeze kuti wufa yatsopano, isanaikidwe m'bokosi, imanjenjemera momasuka pa 50 hertz. Zoigwira zija zitafewa ndi 20 peresenti, nambalayo ingatsike kufika pafupifupi pa 45 hertz. Makina oyezera angaone kusiyanako.

Koma palibe amamvera wufa ili pamtunda. Imakhala m'bokosi, ndipo mpweya wotsekeredwa m'bokosimo nawo umakana kupanikizidwa, umagwira chipepala ngati sipuling'i. M'mabokosi ang'onoang'ono otsekedwa, mpweyawu ndiwo umagwira kwambiri kuposa kansalu kaja, ndipo mpweya suzolowera. N'chifukwa chake kusintha kumene kumaoneka pa wufa yapamtunda kumachepa zedi ikalowa m'bokosi. Chinanso, mbali ina ya kufewako si yokhalitsa: sipika ikapuma, zoigwira zimabwerera pang'ono m'malo mwake.

Ngakhale makampani amene amavomereza za kuzoloweretsa sanena za miyezi. Kampani ya ku England ya Bowers & Wilkins, yopanga masipika okwera mtengo, imalemba m'timabuku take kuti maola pafupifupi 15 akulira mwa masiku onse ndi okwanira kuti ziwalo zoyenda zifike pomwe anazikonzera. Imawonjezanso kuti anthu amene amati anamva kusintha mpaka patatha mwezi, n'kutheka kuti ndi iwowo amene anazolowera mawu atsopanowo, osati sipikayo kusintha.

Pa mahedifoni nkhani ndi yochepa kuposa apa, chifukwa tiziwalo take timayenda kamtunda kochepetsetsa. A RTINGS, gulu la ku Canada loyeza zipangizo zamagetsi, analiza mahedifoni atsopano kwa maola 120 uku akuwayeza, koma sanapeze kusintha koti khutu la munthu lingakugwire. Mu 2013 kampani ya Shure inauza magazini ya Wired kuti timahedifoni take tam'khutu ta E1, titagwiritsidwa ntchito kwa zaka, tinkapereka muyeso wofanana ndi pomwe tinkatuluka m'fakitale.

Nanga ampu, mawaya, foni kapena memole khadi? Mmenemo mulibe chiwalo choyenda choti chifewe. Ampu imangofunda m'mphindi zochepa ikayatsidwa, n'kuziziranso ikazimitsidwa. Wokuuzani kuti waya azolowere kaye, mufunseni kuti chimene chifewe mu wayamo n'chiyani.

Yerekezani tsopano ndi zinthu zina zimene sitiziwerengera. Labala amafewa kukatentha n'kuuma kukazizira, ndiye sipika yomweyo siigwira ntchito mofanana ndendende m'mawa wa mu Juni ndi masana a mu Okutobala ku Mwanza kukamawotcha. Kusuntha bokosi kuchoka pakati pa chipinda n'kuliika pafupi ndi khoma kungawonjezere bezi mpaka ndi madesibelo pafupifupi 6, pamene kusiyana kochepetsetsa kumene anthu ambiri amakuzindikira ndi desibelo imodzi. Pakona bezi imachulukanso kuposa apo. Chipinda chopanda kanthu chofolera ndi malata chimachita phokoso lobwerezabwereza, koma mukaikamo matiresi, makatani ndi sofa mawu amakhazikika. Kungosuntha wufa ndi sitepe imodzi kumasintha mawu kuposa sabata yonse yoizoloweretsa.

Khutu ndiye katswiri wozolowera

Nanga anthu onse amene amalumbira kuti sipika yawo inayamba kumveka bwino patapita masiku, akunama? Ayi. Akumvadi kusintha, kungoti akulozera pamalo polakwika.

Munthu akasamukira pafupi ndi chigayo, masiku oyamba amadandaula ndi phokoso. Pakapita mwezi amadabwa mlendo akamamufunsa kuti amakhala bwanji pamenepo. Chigayo sichinachepetse mawu. Ubongo ndiwo waphunzira kuwaika pambali. Ndi sipika zimayendanso choncho. Mwakhala chaka mukumvera nyimbo pa kawailesi kakale, ubongo unatenga mawu amenewo kukhala muyeso. Yatsopano ikabwera imamveka yachilendo, mwina yothwa kwambiri, mwina youma. Pakatha masiku, muyeso umasamukira pa yatsopanoyo.

Kuti mutsimikize kuti sipika yasintha, mukanafunika kukumbukira ndendende momwe inkamvekera sabata yatha. Koma chithunzi chenicheni cha mawu chimakhala m'mutu masekondi ochepa okha. Chimene chimatsala ndi maganizo chabe, akuti "tsiku lija sinandisangalatse".

Palinso nkhani ya voliyumu. Mu 1933 Harvey Fletcher ndi Wilden Munson a ku Bell Laboratories anaonetsa kuti khutu silimva bwino mawu a pansi voliyumu ikakhala yotsika, ndipo ikakwera bezi imamveka yodzaza. Tsiku loyamba munthu amaliza sipika mwamantha. Pofika Loweruka mantha atha, dzanja lapotokola kabatani, bezi yatulukira. Mwini wake n'kumati, "Mwaiona? Yazolowera."

Maso ndi thumba nazo zimalowerera. Mu 1994 Floyd Toole ndi Sean Olive a kampani ya Harman, eni ake a masipika a JBL, anayesa anthu 40 ogwira ntchito pakampanipo. Anawamvetsera masipika anayi, ulendo wina akuwaona, ulendo wina atabisidwa kuseri kwa nsalu. Pamene ankawaona, masipika akuluakulu okongola ndi okwera mtengo ankapatsidwa mamalikesi ambiri. Atabisidwa, kusiyana kwa mamalikesi kunachepa. Ngati anthu ogwira ntchito pakampani ya masipika anakokedwa ndi maso, kuli bwanji munthu amene wathira ndalama ya manachesi a chaka chonse pa bokosi la magetsi ophethiraphethira? Mtima umafunitsitsa kuti zimveke bwino.

Kuzolowera kwa khutu pakokha si tchimo. Ngati sipika ilibe vuto ndipo mwayamba kuikonda, sangalalani nayo. Vuto limabwera pamene mawu akuti "izolowera" aphimba chilema chenicheni.

Pamene mawuwa amadya ndalama zanu

Pali zizindikiro zimene sizidzatha ngakhale mutailiza mpaka chaka chamawa. Kukhwekhwereza kapena kukanda bezi ikagunda nthawi zambiri kumatanthauza kuti koyilo ikukhudza m'mbali mwa kampata kake, mwina inamatidwa mopendama kufakitale, mwina bokosi linagwa kapena linagundidwa m'ngolo ya basi paulendo wautali wa ku Joni. Kunjenjemera ngati malata omasuka kumachokera ku zomangira zosalimba kapena guluu amene wamatuka. Kulira kwa mpweya ngati likhweru ndi bokosi lotayira m'mbali. Kung'ung'uza kosalekeza ngakhale nyimbo itaima ndi vuto la ampu kapena mawaya. Mbali imodzi ikamalira motsika kuposa inzake, si manyazi a utsopano ayi. Koyilo yokhula imapitirira kukhula mpaka kawaya kake kadzasupuke n'kupsa.

Ndiye taonani mmene masiku amayendera. Wogulitsa wakupatsani masiku ochepa oti mubweze ngati pali vuto. Mwabwerera tsiku lachiwiri, iye akuti ipatseni sabata ziwiri izolowere. Mukadzabweranso masiku aja atha, ndipo funso limakhala lakuti, "Tidziwa bwanji kuti simunaiwotche nokha?" Kwa munthu wochokera kumudzi kwa Kanduku amene wagula ku Limbe, ulendo uliwonse wobwerera ndi ndalama ya thiransipoti kupita ndi kubwera. Kwa amene walandira kuchokera ku Johannesburg, sitoloyo ili kuseri kwa mayiko awiri.

Malamulo sali chete pankhaniyi. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la Consumer Protection Act la 2003, komanso la Competition and Fair Trading Act limene linakonzedwanso mu 2024. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission, CFTC, lakhala likuchenjeza amalonda kuti kukana udindo pa katundu wowonongeka n'kulakwira lamulo, kuphatikizapo zikwangwani zija zakuti katundu akagulidwa sabwezedwa. Koma kuti dandaulo lanu ku CFTC kapena ku bungwe la ogula la Cama likhale ndi mphamvu, pamafunika umboni. Lisiti, tsiku logulira, ndi kavidiyo ka pafoni kosonyeza vutolo tsiku loyamba lomwelo. Foni muli nayo m'manja, ijambuleni.

Kuiphulitsa kuti itseguke

Choopsa chachiwiri ndi malangizo akuti sipika yatsopano uiike pa voliyumu yomaliza tsiku lonse kuti ifewe msanga. Akuluakulu anati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika, ndipo pa sipika mwambiwu ndi sayansi yeniyeni.

Mphamvu yambiri ya magetsi olowa mu sipika siisanduka mawu, imasanduka kutentha mu koyilo. Waya wakopa akatentha amakaniza magetsi: digiri iliyonse imawonjezera kukanizako ndi pafupifupi 0.4 peresenti, ndiye koyilo ikatentha ndi madigiri 100 kuposa poyamba, kukanizako kwakwera ndi pafupifupi 40 peresenti. Zotsatira zake sipika imayamba kulira motsika, DJ amawonjezera voliyumu, koyilo imatenthanso, mpaka guluu ndi utoto wa pawaya zipse. Fungo lija mumalimva ku ukwati cha m'ma 3 koloko masana, nyimbo n'kuduka, ndi limenelo.

Kumidzi kumene ambiri amadalira sola ndi batire, ngoziyi imakula. Batire likamatsika mphamvu, ampu imalephera kutulutsa mawu athunthu, imawadula nsonga, ndipo amamveka ophwanyika. Mawu ophwanyikawo amawotcha msanga timasipika ting'onoting'ono ta mawu okwera, tija timatchedwa twita. Mukamva kuphwanyika, tsitsani, musadikire kuti izolowere.

Musanyengedwenso ndi manambala a pakatoni. Mawu akuti PMPO, otsatana ndi mawatsi masauzande, alibe muyeso umodzi wovomerezeka, kampani iliyonse imawerengera momwe yafunira. Nambala yothandiza ndi ya RMS, imene imasonyeza mphamvu yomwe chipangizo chingapirire mosalekeza, ndipo imakhala yaing'ono kwambiri poyerekeza ndi inayo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Koyilo ikapsa mmisiri angathe kukulunga ina. Khutu ndiye lilibe sipeya. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO likuti achinyamata oposa 1 biliyoni ali pachiopsezo chowononga makutu awo chifukwa cha kamvedwe kosasamala, pa mahedifoni ndi m'malo achisangalalo. Muyeso umene WHO inatulutsa mu 2019 pamodzi ndi bungwe la ITU ukuti munthu wamkulu asapyole madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata, ndipo mwana asapyole 75. Madesibelo atatu aliwonse owonjezera amadula nthawiyo pakati. Pa madesibelo 100, omwe si achilendo pafupi ndi masipika a padansi, gawo la sabata yonse limatha pasanakwane theka la ola. Tiziwalo ta mkati mwa khutu timene timalandira mawu tikafa sitimeranso. Kulira kwa "tiii" m'khutu mukachoka kudansi ndi chenjezo. Ndipo munthu amene akuti phokoso analizolowera, nthawi zina ndiye kuti kumva kwayamba kale kuchepa.

Nanga tichite bwanji?

Yesani musanalipire. Tengani nyimbo zitatu zimene mumazidziwa bwino pafoni yanu, ina ya bezi yambiri, ina ya kwaya, ina yoti munthu akungolankhula. Wogulitsa amasankha nyimbo imene imakometsa katundu wake, inu sankhani zanu. Mverani motsitsa kaye, chifukwa kukhwekhwereza kumabisala m'phokoso, kenako mukweze pang'onopang'ono. Mverani mbali iliyonse payokha. Ngati ndi wufa yaikulu yoonekera chipepala, muizimitse n'kukankha chipepalacho mofatsa ndi zala mofanana mbali zonse. Chiyenera kuyenda mwakachetechete, osakanda.

Ngati mukutuma m'bale ku Joni, mupempheni aiyese m'sitolo momwemo, akutumizireni kavidiyo pa WhatsApp, asunge lisiti, ndipo ailongedze m'katoni yake ndi zotetezera zake. Ikafika, iyeseni tsiku lomwelo.

Mukafika nayo kunyumba bezi n'kumamveka yochepa, musathamangire kunena kuti ndi utsopano. Yang'anani mawaya kaye. Ngati pa masipika awiri imodzi mwaisemphanitsa waya wofiira ndi wakuda, chipepala china chimakankha pamene china chikukoka, ndipo bezi imadyana yokhayokha. Kukonza kwake ndi mphindi imodzi. Kenako sunthirani bokosi kufupi ndi khoma, muone ngati batire lili lodzaza, muonenso ngati nyimbo yanuyo si ija inafinyidwa pochita kutumizirana kambirimbiri.

Ndipo ngati mukufunabe kuizoloweretsa, palibe mwambo wapadera. Ilizeni nyimbo zanu za masiku onse pa voliyumu yapakati. Kansalu kaja kafewa kokha inu mukuchapa kapena mukumeta makasitomala, osawononga bandulo, osakwiyitsa aneba.

Kwa ogulitsa, pempho ndi limodzi. Ngati mukukhulupiriradi kuti katundu wanu amafuna sabata ziwiri kuti azolowere, lembani pa lisiti kuti wogula ali ndi sabata zitatu zobwezera. Wogulitsa wokana kulemba zimenezo wakuuzani kale zimene akudziwa za sipika yakeyo.